Anthu amatope pa sitampu

Pali bambo wina wopuma pa ntchito amene amasunga masitampu m'chibuku chachikulu, ndipo ukangomufunsa za chibukucho, dziwa kuti tiyi akuzizirira m'kapu. Tsiku lina akundivundukulira masamba, tinadutsa mafumu, mbalame, agulugufe ndi maluwa, zonse zija tinazizolowera, mpaka tinafika pa tsamba limene linandiseketsa. Panali masitampu 12 olumikizana a ku Belgium, otuluka m'chaka cha 2004, ndipo onsewo anali a anthu othamangitsa njinga zamoto m'matope. Boma lathunthu, ndi nzeru zake zonse, linakhala pansi n'kugwirizana kuti makalata a dziko lawo aziyenda ndi anthu amenewa pakona ya envelopu.

Masewerawa amawatcha motocross. Si mpikisano wa pa tala ayi. Amakonza njira yokhotakhota, yokwera ndi kutsika, yodzaza mabampu, mchenga ndi zithaphwi. Okwera amandanda pamzere umodzi, mainjini akulira mogonthetsa m'khutu, ndipo chitsulo chowatchinga chikangogwa onse amalimbirana kona yoyamba, imene singawakwane onse. Kuchoka apo ndi theka la ola kapena kuposerapo munthu ali chiimire pa zopondera, njinga ikudumpha m'malere, tayala la mnzake wakutsogolo likumuwaza dothi kumaso. Pomaliza mpikisano ngakhale mayi ake om'bereka sangamuzindikire. Amene munakwerapo kabaza mvula itangokata mu Januwale mukudziwa pang'ono zimene ndikunena, kungoti wakabaza amachita zimenezi atanyamula inu ndi thumba la chimanga, popanda womuombera m'manja.

Nditafatsa nawo maina a pa masitampuwo, kuseka kunayamba kuchepa. Belgium ndi dziko laling'ono, la anthu oposa pang'ono 10 miliyoni pa nthawiyo, koma pa masewera amenewa linavutitsa dziko lonse kwa zaka zambiri. Joël Robert anakhala katswiri wa dziko lonse maulendo 6 pa njinga za 250cc, poyamba akukwera CZ ya ku Czechoslovakia, kenako Suzuki. Roger De Coster anatenga ukatswiri wa 500cc maulendo 5 m'zaka za m'ma 1970. Eric Geboers ndiye anali woyamba kupambana m'magulu onse atatu, 125, 250 ndi 500, mpaka anthu anangowonkhetsa manambalawo n'kumamutcha Mister 875. Gaston Rahier, kamunthu kakafupi, atatopa ndi matope anapita kumchenga wa Sahara n'kukapambana Paris-Dakar mu 1984 ndi 1985 pa chinjinga cha BMW chimene pochiimitsa mapazi ake ankavutika kufika pansi. Ndipo pa pepala lomwelo pali bambo ndi mwana wake, Harry Everts ndi Stefan Everts.

Koma chimene chandilembetsa lero si zikho zawo. N'chakuti mwa anthu 12 amenewa, mmodzi yekha ndiye anali atamwalira pamene masitampuwa amatuluka: René Baeten, katswiri wa 1958 pa njinga ya kwawo konko ya FN, amene anafa pa ngozi ya mpikisano mu 1960. Ena onse 11 anali moyo. Ankatha kulowa mu positi ofesi, kupereka ndalama pawindo, kugula sitampu yawoyawo, kuinyambita kumbuyo n'kuimata pa kalata yopita kwa apongozi. Stefan Everts anali asanasiye n'komwe kupikisana. Anali ndi ukatswiri maulendo 8, ndipo atamuika pa sitampu anawonjezera ena awiri mu 2005 ndi 2006 kukwanitsa 10. Ulemu sunamulemetse miyendo.

Tsono taonani zimene zinatsatira. Rahier anamwalira mu Febuluwale 2005, patangopita miyezi yochepa. A positi akadazengereza ndi chaka chimodzi chokha, sitampu yake ikadakhala nkhata yapamanda. Georges Jobé anatsatira mu 2012. Geboers anamira m'nyanja ina yaing'ono mu 2018 atalumphira m'madzi kuti apulumutse galu wake. André Malherbe, amene ngozi ya mu Paris-Dakar ya 1988 inamupuwalitsa, anakhala pa njinga ya olumala mpaka imfa yake mu 2022, koma zaka zonsezo ankadziwa kuti kwawo sanamuiwale. Onsewa anaona ulemu wawo ndi maso.

Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuzama chikaphwa. Mwambiwu ndimaukonda, koma ife tinautenga ngati lamulo osati chenjezo. Timadikira dala kuti chiphwe kaye. Mukudziwa nonse mmene zimakhalira: wosewera mpira amene anatigonetsa mochedwa makutu ali pa wailesi amakalamba akuyenda wapansi, nsapato itang'ambika, akupemphetsa ya mankhwala. Palibe womuyang'ana. Tsiku lomwe wamwalira, magalimoto akuluakulu amadzaza pamudzi, bokosi lonyezimira lija lapezeka, tenti yakhomedwa, ndipo wolankhula m'malo mwa akuluakulu amaimirira ndi pepala m'manja kutiuza kuti dziko lataya munthu wofunika. Pepala lija amawerenga mpaka dzina kulilakwitsa. Mkazi wamasiye ali chete pamphasa, akuwerengera mumtima kuti mtengo wa nkhata zokhazo ukadagula mankhwala a miyezi ingati. Ine nkhani imeneyi imandiwawa kuyambira kale, ndipo sindisiya kuinena.

Wina anena kuti munthu wamoyo ndi woopsa, lero mwamuika pa sitampu mawa wakuchititsani manyazi. Nzoona, ndipo mayiko ambiri ankaopa zomwezo. Koma a ku Australia analimba mtima mu 1997 n'kuika Don Bradman, katswiri wa cricket, pa sitampu ali moyo, ndipo mwambowo anaupitiriza chaka ndi chaka. Kupatula apo, timalemekeza chigoli chimene munthu anamwetsa, sitikumupatsa chiphaso cholowera kumwamba. Mafumu amene adzaza m'chibuku cha bambo aja, kodi onse anali oyera mtima?

Wina anenanso kuti kodi masiku ano akulemba kalata ndani, pamene WhatsApp ili m'thumba. Funso labwino, koma lachedwa. Sitampu inasiya kale kudalira makalata okha. Chilumba cha Isle of Man, chimene chinayamba kuyendetsa chokha mapositi ake mu 1973, chimatulutsa kawirikawiri masitampu a mpikisano wake wa njinga zamoto wa TT, ndipo ambiri ogula sakhala ndi kalata yoti atumize. Amagula kuti asunge. Kapepala kochepa ngati chikhadabo kamakafika m'nyumba za anthu amene sadzapondako kwanuko, n'kukhala m'chibuku zaka 50.

Ndipo si kuti ife sitingathe. Mu 2012 nkhope ya Rose Chibambo inaikidwa pa ndalama ya K200 mayiwo ali moyo, ndipo anakhala nayo m'manja mpaka pamene anatisiya mu 2016. Thambo silinagwe. Nanga chovuta n'chiyani ndi kapepala ka pa envelopu?

Maina alipo, sitichita kufunafuna ndi nyali. Kinnah Phiri anamwetsa zigoli m'zaka zimene Flames inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979, ndipo ndi yemweyo amene anaitengera ku Angola mu 2010 kumene inakathambitsa Algeria 3-0. Mwawi Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye ku Sydney mu 2015. Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024, chinthu chimene palibe anali atachitapo. Onjezerani anu, pepala la masitampu 12 lidzaza tisanafike n'komwe kwa ankhonya ndi othamanga.

Akuluakulu a zamapositi, ajambuleni anthuwa ali m'bwalo, thukuta lili kamukamu, osati atavala suti. Ndipo tsiku lokhazikitsa masitampuwo muwatumizire galimoto, adzagule okha yoyamba.