Dokotala wa Amayi Akamapita ku Ganyu

Mawu akuti lokamu, amene anamwino ndi madokotala a ku Malawi amawatchula tsiku ndi tsiku, anachokera ku Chilatini. Kumeneko locum tenens ndi munthu wogwirizira malo a mnzake. Dzina la udindo wa usilikali la lieutenant nalonso linatuluka m'ganizo lomwelo kudzera m'Chifalansa. Pachiyambi pake mawuwa ankafuna anthu awiri, wina wochoka kuti akapume ndi wina wobwera kudzakhala pampando wake mpaka atabwerako. Koma atafika m'zipatala za boma kwathu kuno, munthu wachiwiri uja anasowa. Lokamu masiku ano nthawi zambiri ndi mzamba kapena dokotala yemwe uja, amene waweruka m'mawa atagwira usiku wonse, n'kubweranso madzulo pa tsiku lake lopuma kuti apeze kangachepe kowonjezera pa malipiro. Amadzigwirizira malo yekha.

Nkhaniyi ikuyenera kukambidwa chifukwa kumaiko a azungu lokamu amaitsatsa kwa madokotala a uchembere ndi matenda a amayi ngati mankhwala a kutopa. Ku America, kampani ya CompHealth, imene inayamba mu 1979 ku Utah, inatuluka m'ntchito yopezera madokotala a kumidzi owagwirizira kuti athe kuchokako pang'ono n'kukachita maphunziro. Lero makampani otere alipo ambiri, ndipo uthenga wawo kwa dokotala wa amayi ndi wosavuta kumva: gwirani milungu iwiri, pumani milungu iwiri, foni ya chipatala isakudzutseninso usiku wa tsiku lobadwa la mwana wanu. Uthengawu umafika pa mafoni a madokotala achinyamata ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Tete, ndipo umawakoka mtima. Palibe chifukwa chowadzudzulira. Mwana sasankha ola lobadwira, ndipo mayi amene wayamba kutaya magazi atangochira sangauzidwe kuti adikire kuche. Pa nthambi zonse za udokotala, ya uchembere ili m'gulu la zimene zimadya tulo ta munthu mopanda chisoni.

Chicheŵa chili ndi mawu ake ofotokozera ntchito yosakhalitsa, ndipo ndi ganyu. Akatswiri ambiri amagwirizanitsa mawuwa ndi ganho wa Chipwitikizi, ndipo ku Mozambique ntchito yotere amaitchadi ganho-ganho. Ku Zambia amati pisiweki, ku Zimbabwe maricho. Mlimi aliyense amadziŵa kuti ganyu ali pawiri. Pali ganyu amene munthu amagwira munda wake atapalira kale, kuti apeze ya sopo ndi mchere. Palinso ganyu wa mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe itauma, pamene munthu amasiya udzu ukudya chimanga chake n'kukapalira cha mnzake kuti ana agone atadya. Ganyu wachiwiriyu amapulumutsa banja sabata imeneyo, koma amabzala njala ya chaka chamaŵa. Lokamu ya dokotala wa ku Utah ikufanana ndi ganyu woyamba. Ya dokotala wa chipatala cha boma kuno, amene amathamangira ku chipatala cholipiritsa Loŵeruka ndi Lamulungu kuti akwanitse fizi ya ana, ndi ganyu wa njala, ndipo munda umene ukumera udzu ndi thupi lake, banja lake ndi odwala ake a Lolemba m'maŵa. Mawu ndi amodzi koma zinthu ndi ziŵiri, ndipo kusokoneza ziŵirizi kwapangitsa kuti akuluakulu ena aziganiza kuti apereka mpumulo pamene angopereka maola ena a ntchito.

Kutopa kwa dokotala si nkhani ya iye yekha. Ku New York, imfa ya mtsikana Libby Zion mu 1984 inautsa mtsutso waukulu pa maola a madokotala ophunzira ntchito, ndipo mu 2003 America yonse inaika malire a maola 80 pa sabata. Ku Britain malire a maola 48 pa sabata anayamba kugwira ntchito mokwanira kwa madokotala achinyamata mu 2009. Ku South Africa, mu 2016, dokotala wina wachitsikana wa ku Western Cape atamwalira pa ngozi ya galimoto pochokera ku ntchito ya maola ambiri, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zachipatala linatsitsa malire a madokotala ophunzira kuchoka pa maola 30 otsatizana kufika pa 26. Ngakhale 26 ndi ochuluka kwa munthu wogwira mpeni pamimba pa mnzake. Lamulo la ntchito la ku Malawi la mu 2000 limanena za maola 48 pa sabata, koma aliyense amene anadikirirapo wodwala ku Chatinkha kapena ku Bwaila anaonapo nkhope imodzimodzi madzulo, pakati pa usiku, ndiponso dzuŵa litakwera.

Kumbali ya mayi wodwala, lokamu yeniyeni ija, ya mlendo wobwera kudzagwirizira, nayonso ili ndi zoopsa zake, ndipo otsatsa sazitchula. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Dokotala wobwera kwa masiku atatu sadziŵa kumene amasunga makiyi a fuliji ya magazi, sadziŵa mzamba amene akati "bwerani msanga" ndiye kuti zavutadi, sadziŵa kuti ambulansi ya chipatala chaching'ono cha kuseri kwa phiri imatenga maola angati mvula ikagwa. Lipoti la Donna Ockenden la mu 2022, lofufuza za imfa ndi kuvulala kwa amayi ndi makanda m'zipatala za Shrewsbury ndi Telford ku England, linalamula pakati pa zina kuti zipatala zonse zizitsatira malangizo a Royal College of Obstetricians and Gynaecologists pa kalandiridwe ndi kayang'aniridwe ka madokotala a lokamu. Ngati dziko lokhala ndi makompyuta m'chipinda chilichonse linaona vuto pamenepa, kuli bwanji kumene mbiri yonse ya mayi ili m'kabuku ka kusikelo kamene kananyowa ndi mvula?

Palinso chiyankhulo. Mayi wa ku Dedza kapena ku Katete satchula zinthu za m'thupi mwake mwachindunji. Amati ali ndi pakati, amati anapita padera, amati sakusamba, amati msana wayamba. Dokotala amene sanakule ndi mawu amenewa angamve kuti mayiyo sakusamba m'thupi, kapena kuti akudandaula za nyamakazi. Womasulira amathandiza, koma womasulirayo kawirikawiri amakhala mzamba yemwe watanganidwa kale ndi amayi ena asanu, ndipo zimene mayi amanong'oneza dokotala amene wamuzoloŵera kwa miyezi isanu ndi umodzi sangazinene pamaso pa alendo aŵiri. Matenda ngati fistula ndi khansa ya khomo la chiberekero amafuna kuti wodwala abwerenso kangapo ndi kupeza munthu amene akukumbukira dzina lake.

Komabe amene anganene kuti ntchito ya kontilakiti ithetsedwe sanayende m'maboma. Akuluakulu omwe aja anatinso mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Madokotala a ukatswiri wa uchembere m'chigawo chino ndi ochepa, ndipo ambiri ali m'mizinda ikuluikulu. Kafukufuku wa Chilopora ndi anzake, wofalitsidwa mu 2007, anapeza kuti m'zipatala za maboma ku Malawi pafupifupi maopaleshoni asanu ndi anayi pa khumi alionse a uchembere wadzidzidzi ankachitidwa ndi ma clinical officer. Mozambique inayamba kuphunzitsa ma técnico de cirurgia mu 1984 pa chifukwa chomwechi, ndipo Zambia ili ndi ma medical licentiate ake amene anayamba kuphunzitsidwa ku Chainama. Anthu amenewa ndi amene asenza gawo lalikulu la ntchito imene inatsitsa imfa za amayi ku Malawi kuchoka pa 984 pa ana 100,000 obadwa amoyo mu kafukufuku wa 2004 kufika pa 439 mu wa 2015-16. Ndiwonso amene sapuma. Clinical officer wodziŵa opaleshoni akakhala yekha pa chipatala cha mishoni, kupita kwake ku maliro a mayi ake kumatanthauza kuti chipinda cha opaleshoni chatsekedwa. Kwa munthu wotere, womugwirizira weniweni wa milungu iŵiri angathe kumusunga pa ntchito zaka zina khumi.

Choncho funso lofunika ndi lakuti lokamu ikupumitsa ndani. Maunduna a zaumoyo akanachita bwino kupatula ndalama ziŵiri zimene pakali pano zimasakanizidwa. Ina ndi ya maola owonjezera, ndipo itchedwe dzina lake lenileni, ikhale ndi malire, ndiponso ilipidwe pa nthaŵi yake, poti nkhani za anamwino kunyanyala lokamu chifukwa cha miyezi yosalipidwa zakhala zikumveka kawirikawiri ku Malawi. Ina ikhale ya gulu la ogwirizira oyendayenda, olembedwa ntchito mokhazikika koma otumizidwa kukapumitsa anzawo, amene amabwerera ku zipatala zomwezo chaka ndi chaka mpaka atasiya kukhala mame. Wogwirizira asaloŵe m'chipinda chochirira asanayendetsedwe m'chipatala ndi kupatsidwa mndandanda wa amayi amene ali pangozi. Ndipo wochoka aletsedwe ndithu kugwiritsa ntchito masiku amenewo kukagwira lokamu kwina, ngakhale kuti lamulo lotere lingakhale nkhanza ngati malipiro akhalabe pamene ali.

Malire a maiko ndi chopinga china chimene chilibe nzeru kwenikweni. Dokotala wa ku Chipata amamvana bwino ndi mayi wa ku Mchinji kuposa katswiri wochokera ku Ulaya, ndipo ulendo wake ndi wa ola limodzi kapena aŵiri kudzera pa Mwami. Wa ku Ulongwe ku Angónia angathandize ku Dedza osafuna womasulira. Koma Medical Council of Malawi, Health Professions Council of Zambia ndi Ordem dos Médicos ya ku Mozambique aliyense ali ndi kaundula wake, ndipo kulembetsa kuti ugwire milungu iŵiri yokha kumafuna mapepala ndi ndalama zofooketsa munthu. Chimodzimodzinso ana a kuno amene akugwira ntchito ku Manchester kapena ku Johannesburg, amene ena mwa iwo akanakonda kupereka gawo la tchuthi chawo. Chiphaso cha kanthaŵi chovomerezeka m'maiko atatuwa chikanapangitsa mawu akuti lokamu kubwerera ku tanthauzo lake loyamba.

Dokotala wachinyamata amene akuganiza zosiya ntchito yokhazikika kuti azigwira makontilakiti ayenera kuŵerengera bwino. Ufulu wosankha masiku ndi weniweni, koma umabwera ndi mtengo. Penshoni sikula, masiku odwala salipidwa, ndipo mwayi wophunzira maopaleshoni aakulu pansi pa mkulu amene amakudziŵa umachepa. Ku South Africa, kumene inshuwalansi ya milandu kwa dokotala wa uchembere wogwira payekha inafika cha m'ma miliyoni imodzi ya marandi pa chaka, funso la amene adzalipire zinthu zikalakwika liyenera kuyankhidwa munthu asanasaine. Kwa madokotala achizimayi pali chinanso. Lamulo la ntchito la ku Zambia la mu 2019 limapereka milungu 14 ya tchuthi cha uchembere, koma kuti mayi alandire malipiro onse pa nthaŵiyo amayenera kukhala atagwira kwa bwana mmodzi zaka ziŵiri mosalekeza. Amene akudumpha kuchoka pa kontilakiti ya miyezi itatu kupita pa ina sazikwanitsa zakazo. Angathe kuchiritsa amayi mazana m'chaka chimodzi, iye akadzakhala ndi pakati n'kubwerera ku leba mwana wake asanakwanitse mwezi, chifukwa lendi ya nyumba ikudikira.