Wophunzitsa kuyendetsa ndege nayenso amadya

Ndege ikamadutsa kumwamba, ambiri timaganiza kuti onse ogwira ntchito ya ndege ndi olemera. Koma pakati pawo pali munthu wina amene udindo wake ndi waukulu, malipiro ake ndi ochepa. Munthuyu ndi mphunzitsi wa oyendetsa ndege. Nkhani yake tiitenga ku United States, dziko limene lili ndi masukulu ambiri a ntchitoyi. Ndi kutali, koma phunziro lake likutikhudza tonse, ophunzira ndi aphunzitsi omwe.

Kuyendetsa ndege saphunzira m'kalasi mokha. Wophunzira amakwera kandege kakang'ono, ka mipando iwiri kapena inayi, mphunzitsi n'kukhala pambali pake. Aliyense amakhala ndi chiwongolero chake. Wophunzira akalakwitsa potera, mphunzitsi amalanda msanga chiwongolero kuti onse awiri apulumuke. Mphunzitsi yemweyo ndiye amasaina m'buku kuti wophunzira wakhwima, angathe kuuluka yekha. Akasaina mosasamala, munthu angafe.

Nanga amalipidwa bwanji? M'masukulu ambiri amalipidwa pa ola. Ola lowerengedwa ndi lokhalo limene ali ndi wophunzira, mumlengalenga kapena pa phunziro la pansi. Wophunzira amalipira sukulu, ndipo sukulu imapatsa mphunzitsi gawo chabe la ndalamazo. Kukachita chifunga kapena mphepo yamkuntho, ndege siuluka. Ndege ikawonongeka, kapena wophunzira akajomba, phunziro limalephereka. Kawirikawiri nthawi yodikira yonseyi ilibe malipiro.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti mphunzitsi wafika pa bwalo la ndege 7 koloko m'mawa, waweruka 5 koloko madzulo. Amenewo ndi maola 10. Koma chifukwa cha mvula waphunzitsa maola 4 okha. Maola 6 otsalawo wakhala pantchito, koma sapita nawo kanthu kunyumba.

Mwina mukufunsa kuti amavomereranji. Yankho lili m'lamulo. Ku United States munthu angapeze chiphaso choyendetsa ndege molipidwa akauluka maola 250. Koma kuti alembedwe ntchito ku kampani yonyamula anthu, lamulo limafuna maola 1,500, ngakhale kuti ena, monga amene anaphunzira ku usilikali, amawachepetserako. Kubwereka ndege kuti ukwanitse maola otsalawo ndi kodula kwambiri. Choncho achinyamata ambiri amasankha kuphunzitsa, chifukwa ola lililonse lophunzitsa mumlengalenga limalembedwanso m'buku lawo.

Lamulo la maola 1,500 linabwera pambuyo pa ngozi. Pa 12 Febuluwale 2009, ndege ya kampani ya Colgan Air inagwa pafupi ndi mzinda wa Buffalo, ndipo anthu 50 anafa. Mabanja a omwalirawo sanakhale chete. Anapita mobwerezabwereza ku nyumba ya malamulo ku Washington. Mu 2010 lamulo latsopano linavomerezedwa, ndipo mu 2013 mfundo ya maola 1,500 inayamba kugwira ntchito.

Tiwerengerenso. Kuchotsa 250 pa 1,500 kumatsala 1,250. Mphunzitsi akamauluka maola 70 pa mwezi, amakwanitsa maolawa m'miyezi pafupifupi 18. Akangokwanitsa, ambiri amatsanzika n'kupita ku makampani kumene kuli malipiro abwino. Amachoka pa nthawi yeniyeni imene adziwa kuphunzitsa bwino. M'malo mwawo mumalowa wina amene anali wophunzira dzulodzuloli.

Eni masukulu ali ndi yankho lawo. Amati maphunziro a ndege ndi odula kale, ndipo malipiro a aphunzitsi akakwera, ophunzira osauka sangakwanitse. Amatinso mphunzitsi amapindula ndi maola amene akusonkhanitsa. Mfundozi si zopanda nzeru. Komabe maola olembedwa m'buku sagula ufa, salipira nyumba. Ndiponso wophunzira amene akuti akumuteteza ndiye amasenza mtolowo. Mphunzitsi wake akachoka pakati pa maphunziro, watsopanoyo amafuna kuona kaye zimene wophunzirayo akudziwa. Amabwereza zina, ndipo ola lililonse lobwereza limalipidwa ndi wophunzira.

Maganizo athu ndi akuti wophunzitsa azilipidwa pa ntchito yonse imene wagwira, kuphatikizapo kukonzekera ndi kudikira. Malipirowo akhale oti munthu angakhazikike nawo pa ntchitoyo zaka zambiri. Kupanda kutero, kuphunzitsa kumasanduka mlatho wongodutsapo.

Kwathu kuno ku Moçambique vuto lofanana nalo tikulidziwa, ngakhale kuti sitili mundege. Taganizirani za mphunzitsi wa sukulu ya akuluakulu, amene m'Chipwitikizi timamutcha alfabetizador. Amawerengedwa ngati wodzipereka, choncho salandira malipiro enieni koma kandalama kothandizira. Kwa zaka zambiri kandalamako kanali mameticais 650 pa mwezi, ndipo madandaulo akuti kamachedwa kufika amveka m'zigawo zambiri. Ndalama imeneyi ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi malipiro otsikitsitsa amene lamulo limalola pa ntchito ina iliyonse.

Nayenso ali ndi maola osawerengedwa. Amakonza phunziro usiku. Amayenda khomo ndi khomo kuitana amene asiya kubwera nthawi yolima. Amathandiza mayi kulemba dzina lake koyamba, kenaka kuwerenga khadi la kuchipatala la mwana wake. Akapeza ganyu kapena ntchito ina, amachoka, ndipo palibe amene angamunene. Kalasi imatsala yopanda mphunzitsi, kapena imayambiranso ndi munthu watsopano. Kalembera wa 2017 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse m'dziko muno, 39 sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Chiwerengero chimenechi sichingatsike msanga ngati aphunzitsi akusinthasintha chaka ndi chaka.

Inu ophunzira muli ndi mawu pa nkhaniyi. Mabanja a ku Buffalo aja sanali akuluakulu a boma. Anali anthu wamba amene anafunsa, nafunsanso, mpaka lamulo linasintha. Inunso mukhoza kufunsa. Pa msonkhano wa m'mudzi, atsogoleri a boma akabwera, imani mufunse kuti mphunzitsi wanu amalandira zingati, ndiponso ngati amalandira pa nthawi yake. Ofuna mavoti anu akafika, afunseni chimene adzachite kuti aphunzitsi a akuluakulu asamachoke. Pa 8 Sepitembala, tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira za kulemba ndi kuwerenga, musangovina ndi kuimba. Lembani kalata ya kalasi yonse yopita ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lanu, aliyense asaine dzina lake ndi dzanja lake.

Ndipo inuyo mukamalowa ntchito iliyonse, funsani funso lomwelo musanasaine: kodi ndi maola ati amene adzawerengedwe, nanga ndi ati amene sadzawerengedwa? Werengani pepalalo mofatsa. Ngati pali mawu ovuta, bwerani nalo m'kalasi, muwerenge pamodzi ndi aphunzitsi anu.