LAMYA YA M'MANJA: KODI MLIMI WA KU SHIMABALA AIKEMO CIANI?

Munthu woyenda pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Kafue saphonya Shimabala, pakuti ndi pamene magalimoto amaima kulipira msonkho wa mseu. Woponya maso m'mbali mwa mseuwo adzaona cinthu cimene zaka 25 zapitazo cinali cacilendo. Mai wogulitsa matimati, mnyamata wophwanya miyala, ngakhale nkhalamba yodikira basi, onsewo ali ndi lamya, wina m'manja, wina m'thumba, wina yomangidwa pa msonga ya citenje. Kale lamya inali ya akuluakulu a m'maofesi. Lero yafika kudimba ndi kukhola.

Motero funso limene likuvuta mabanja a m'midzi tsopano si lakuti agule foni kapena iai. Funso ndi lakuti m'fonimo aikemo ciani. Mapulogramu a m'mafoni, amene acinyamata amati ma-app, ngocuruka ngati mcenga, ndipo onse amadzichula kuti ngothandiza. Ena amathandizadi. Ena amadya mabandulo a intaneti ndi moto wa batire popanda phindu. Enanso amalowa m'nyumba ngati mlendo waulemu, nacoka ndi ndalama za cimanga.

FETELEZA ADZERA PA FONI

Nkhaniyi yakula cifukwa ca kusintha kwa njira yolandirira feteleza ndi mbeu. Makonzedwe a Boma othandiza alimi ang'onoang'ono, amene tsopano achedwa FISP, anayamba m'caka ca 2002. M'nyengo ya 2015/2016 Boma linayesa njira ya e-voucher m'maboma 13, alimi napatsidwa makhadi otengera katundu kwa ogulitsa ovomerezedwa. Pambuyo pake maina a alimi analowetsedwa m'kaundula wa pa kompyuta wochedwa ZIAMIS, ndipo pofika nyengo ya 2025/2026 Boma linalengeza kuti e-voucher ifike m'maboma onse 116 a dziko lino.

M'njira imeneyi mlimi akapereka K400 yake, nambala yotengera katundu imabwera mwa uthenga pa foni. Nambala ya foniyo iyenera kukhala yolembetsedwa m'dzina la mlimi mwini, mogwirizana ndi citupa cake ca NRC. Alimi oposa miliyoni imodzi ali m'makonzedwewa. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1970, iri m'tauni ya Kafue momwemo, pafupi ndi Shimabala. Komabe njira ya thumba la feteleza kuti lifike kumunda kwa mlimi wa pa Shimabala tsopano idzera m'kacipangizo kamene kali m'thumba la malaya ace.

Ndalama nazo zatsata njira yomweyo. Zambia ndi limodzi la maiko oyamba mu Africa kuyesa kulipira pa foni, pakuti kampani ya Celpay inayamba nchito yace kuno mu 2002, zaka 5 M-Pesa ya ku Kenya isanayambe. Kufufuza kwa FinScope kumene Bank of Zambia inatsogolera mu 2020 kunapeza kuti akulu 58 mwa 100 alionse anali kugwiritsa nchito ndalama za pa foni, pamene mu 2015 anali 14 cabe. Cipangizo cimene cisunga feteleza ndi ndalama za banja siciyenera kudzazidwa mwacisawawa.

MABATANI ANAI A KALE

Kuti munthu asankhe bwino, nkothandiza kudziwa kumene zipangizozi zinacokera. Mafoni amakono asanabwere kunali timakina ta m'manja tosungira ndondomeko ya nchito. Kampani ya Psion ya ku London inaturutsa kace mu 1984, ndipo mu 1996 kampani ya Palm ya ku America inaturutsa kamakina kochedwa Pilot. Kamakina ka Palm kanali ndi mabatani anai a nchito: la kalendala, la maina ndi makeyala a anthu, la mndandanda wa nchito zoti zicitike, ndi la kolembamo zokumbukira. Munalinso kowerengetsera masamu. Kanalibe nyimbo, kanalibe kanema, komabe anthu a malonda anakakonda kwambiri.

Timakina timeneti tinagwirapo nchito m'Zambia. Ca m'ma 2006 ndi 2007 anyanchito ena a zaumoyo m'zigawo anapatsidwa timakina ta Palm tokhala ndi pulogramu yochedwa EpiSurveyor, kuti azilembamo zimene apeza poyendera zipatala zazing'ono m'malo mosenza mitolo ya mapepala. Kamakina kanali ndi nchito imodzi yodziwika, ndipo kanaigwira.

Pamene mafoni a iPhone ndi Android anabwera mu 2007 ndi 2008, timakinato tinazimiririka. Koma nchito zinai zija sizinafe. Ziri m'foni iriyonse lero, ngakhale ya mabatani ya mtengo wotsika, ndipo ndi zimene eni mafoni ambiri sazitsegula nkomwe. Phunziro lace nlakuti pulogramu yothandiza koposa kawirikawiri ndi imene mlimi ali nayo kale, yosafuna bandulo, yongodikira kuti aizolowere.

MIYESO ITATU

Pulogramu iriyonse yoti ilowe m'foni ya mlimi iyenera kupimidwa ndi mafunso atatu. Loyamba: kodi igwira nchito popanda intaneti ndi popanda kudya batire msanga? M'caka ca cilala ca 2024, madzi atacepa pa Kariba, magetsi m'malo ambiri anali kuzima maola ofika 20 pa tsiku, ndipo ngakhale anthu okhala pafupi ndi Kafue Gorge, kumene magetsi apangidwa, anasowa pochajira mafoni. Laciwiri: kodi isiya umboni wolembedwa umene ungathandize pa tsiku la mkangano? Lacitatu: kodi mwini pulogramuyo apindula bwanji? Wopereka cinthu caulere ali ndi pamene akudyera, ndipo mlimi ayenera kudziwa ngati pamenepo si pa thumba lace.

ZOYENERA KUKHALAMO

Coyamba ndi kalendala yokhala ndi belu lokumbutsa. Ulimi ndi nchito ya masiku. Amene alemba tsiku limene anabzala cimanga angathe kuika belu lomkumbutsa za feteleza wa urea patapita masabata anai kapena asanu mbeu itamera. Nkhuku imafungatira mazira masiku 21, mbuzi imakhala ndi bere miyezi 5, ng'ombe miyezi 9. Tsiku la dibi la ng'ombe, limene likaphonyedwa m'dzinja limaitana nkhupakupa ndi matenda a denkete, tsiku la sikelo ya mwana, ndi tsiku la cilimba, zonsezi zikhoza kulembedwa kamodzi, foni nikumbutsa pa nthawi yace.

Caciwiri ndi kolembamo pamodzi ndi kowerengetsera masamu. Alimi ambiri a ndiwo zamasamba amene amatengera matimati ndi repu ku msika wa Soweto mu Lusaka amadziwa ndalama zimene abwera nazo, koma sadziwa zimene analowetsa. Mbeu, mankhwala, aganyu, mtengo wa galimoto yonyamula mabokosi, ndi gawo la anyamata ogulitsira pa msika, zonsezi zikalembedwa tsiku lomwelo, pa mapeto a nyengo zimaonetsa ngati dimba labala phindu kapena langotopetsa msana. Kowerengetsera nako nciteteza. Mu 2025 bungwe la Food Reserve Agency linagula cimanga pa K340 thumba la makilogramu 50. Mlimi wa matumba 20 akadina masamu aona K6,800, ndipo wogula woyendayenda wobwera ndi meda yace sangamsokoneze ndi mau okoma. Amene kulemba kumamvuta angagwiritse nchito kojambulira mau, nanena yekha zimene wagula ndi zimene wakongoza. Kamera nayo ijambule lisiti iriyonse, pakuti pepala limanyowa ndipo ciswe sicisankha.

Cacitatu ndi ndalama za pa foni za Airtel, MTN kapena Zamtel. Izi zimayenda ngakhale pa foni ya mabatani, popanda intaneti. Ubwino wace nwakuti ndalama ya matimati siyenda m'thumba pa basi, ndiponso kulipira kulikonse kumasiya uthenga wokhala ndi tsiku ndi nambala. Mauthenga amenewa sayenera kufafanizidwa msanga. Koma mlimi adziwe kuti kutumiza ndi kutapa kuli ndi mtengo wace, ndipo kuyambira pa 1 January 2024 Boma linaikapo msonkho pa ndalama zotumizidwa kwa munthu wina. Kutapa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kumadya ndalama koposa kutapa kamodzi.

Cacinai ndi wailesi ya m'foni. Siifuna bandulo ai, ndipo pa ZNBC Radio 1 pamamveka nkhani m'zinenero 7 za dziko lino, kuphatikizapo Cinyanja. Pamenepo ndi pamene zilengezo za a Zambia Meteorological Department ndi za Unduna wa Zamalimidwe zimafika m'cinenero comveka. Cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinakhudza maboma 84 nicipsereza mahekitala a cimanga pafupifupi miliyoni imodzi. Palibe pulogramu imene ikanagwetsa mvula. Koma kumva msanga za nyengo kumathandiza munthu kusankha mbeu yoca msanga, kapena kusiya gawo la munda kuti abzalemo mapira ndi nyemba.

Cacisanu, kwa amene ali ndi foni yamakono, ndi mapulogramu ozindikira matenda a mbeu pa cithunzi. Mu 2016 alimi a dziko lino anakanthidwa kawiri: kambozi ka Tuta absoluta kanaononga matimati, ndipo kumapeto kwa cakaco mbozi zacilendo zija za nchembere-zandonda zinalowa m'cimanga. Pulogramu ya Nuru, yopangidwa ndi a PlantVillage a pa yunivesite ya Penn State ku America, imayang'ana tsamba la cimanga kapena la cinangwa ndi kamera niichula vuto, ndipo ikalowa m'foni imatha kugwira nchito popanda intaneti. Ya Plantix, yocokera ku Germany, imadziwa mbeu zambiri koma imafuna intaneti. Zonsezi zimaphonya nthawi zina. Yankho la foni likhale poyambira cabe, ndipo mankhwala asagulidwe mlangizi wa zaulimi wa pa kampu asanaone. Safunsa anadya phula.

WhatsApp nayo iri ndi malo ace. Gulu la kopaletivu likhoza kudziwitsana za msonkhano, ndipo mbale wa ku Lusaka angatumize mau a mtengo wa bokosi la matimati m'mawa galimoto isanapakire. Coipa cace nca mphekesera ndi makanema odya bandulo. Kutseka njira yakuti zithunzi ndi makanema zizidzilowera zokha kumapulumutsa ndalama zambiri.

ZOYENERA KUKANIDWA

Akale anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mapulogramu a njuga ya mpira ndi timasewera tobecha ndalama amalephera miyeso yonse itatu, ndipo amalumikizidwa ndi thumba lomwelo limene musungidwa ndalama za feteleza. Mapulogramu ena a ngongole za msangamsanga ndi kaloba wobvala suti. Amapempha cilolezo cowerenga maina onse a m'foni, ndipo wobweza mocedwa amacititsidwa manyazi kwa abale ndi anansi. Wofuna ngongole ayambe wafunsa ngati wokongozayo ali ndi cilolezo ca lamulo, ndiponso kuti ndalama yonse yobweza idzakhala zingati.

Akuba a pa foni nao amadziwa nyengo ya FISP ndi nyengo ya malipiro a cimanga. Amatumiza uthenga wakuti ndalama zalowa molakwika, kapena amaimba lamya nadzichula anyanchito a kampani. Wanchito weniweni safunsa nambala yacinsinsi. Nambala imeneyo, ndi nambala yotengera feteleza, siziyenera kuperekedwa kwa munthu pa lamya, kapena kulembedwa kumbuyo kwa foni. Bungwe la ZICTA, loyang'anira za mafoni, linakhazikitsa nambala ya *707# yonenezerapo manambala a akuba otere.

Pali ngozi inanso ya m'nyumba momwemo. Makolo ambiri amasiya foni m'manja mwa mwana kapena mdzukulu cifukwa zolembedwamo nza Cingerezi. Mwana wabwino amathandiza, koma foni yosunga ndalama za banja ikasanduka coseweretsa, tsiku lina uthenga wa feteleza udzafafanizidwa pofuna malo a nyimbo.

ZOTSALA KWA OLAMULIRA NDI MAKAMPANI

Mlimi sangasenze yekha denga limeneli. Kufufuza kwa ZICTA kwa mu 2022 kunaonetsa kuti mwa eni mafoni m'dziko lino, okhala ndi mafoni amakono sanafike theka. Conco nchito iriyonse ya Boma yoikidwa pa foni iyenera kuyenda pa foni ya mabatani, ndipo mauthenga ace alembedwe m'Cinyanja, m'Citonga, m'Cibemba ndi m'zinenero zina, osati m'Cingerezi cokha. Alangizi a zaulimi ndi atsogoleri a makopaletivu angapatule ola limodzi pa msonkhano kuphunzitsa kuika belu la kalendala ndi kusunga uthenga wofunika. Makampani a mafoni, amene amapindula pa ndalama iriyonse yotumizidwa, ali ndi mangawa a kuphunzitsa makasitomala ao ndi kutseka msanga manambala a akuba.

Pakali pano banja la pa Shimabala lingayambe ndi zimene liri nazo. Nambala ya foni ikhale m'dzina la mlimi mwini. Kalendala, kolembamo, kowerengetsera ndi wailesi zitsegulidwe ndi kuzoloweredwa mvula isanagwe. Ndipo popeza foni imagwa m'madzi, imabedwa, imazima, ziwerengero zikuluzikulu za pa mwezi zikoperedwe m'kabuku ka sukulu kosungidwa m'nyumba, pamalo pamene pakhala citupa ca NRC ndi khadi la kopaletivu.