Pharmacy imayambira ku Fomu 3



Zotsatira za MSCE zikangotuluka, kuno ku Chinsapo timalandira ana ochokera ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi. Amafikira kwa amalume kapena azakhali kuti adzaze mafomu a NCHE olowera ku yunivesite. Ena amatipeza kumzikiti ndi uthenga wa makolo: shehe, mwanayu akufuna pharmacy, muthandizeni. Tikayang'ana pepala, Chemistry mulibe, Physics mulibe. Anazisiya ku Fomu 3 anzake atamuuza kuti n'zovuta, ndipo kunyumba palibe anamufunsa. Dua timapanga ndithu, koma fomuyo imafuna phunziro limene mwana analembadi mayeso.

Digiri ya pharmacy imaphunzitsidwa ku Blantyre, pa Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Kumeneko amayang'ana Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi Chingerezi, ndipo malo ndi ochepa. Womaliza amayamba wagwira ntchito pansi pa akuluakulu, kenako n'kulembetsa ku bungwe la PMRA. Za masters ndi PhD zimabwera m'tsogolo, tisathamangire.

Ena mukuti, zaka zonsezo kuti akagulitse panado? Abale, onani pa doko lathu. Makapisozi amayalidwa padzuwa pafupi ndi thandala la usipa. Msodzi amagula awiri, akamva bwino basi wasiya, mawa lake wabwerera pamadzi. Matenda akabweranso, mankhwala omwewo sagwiranso ntchito. Mankhwala a likodzo, praziquantel, amaperekedwa molingana ndi thupi la munthu, koma kwathu mwana ndi bambo ake amagawana mofanana. Wodziwa kukonza zimenezi ndi amene anaphunzira, ndipo amamvedwa msanga ngati ali mwana wa m'mudzi momwemo, wolankhula Chiyao kapena Chinyanja cha kunyanjako.

Palinso mafunso amene amatisowetsa mtendere ife mashehe. Mankhwala a chifuwa awa muli mowa? Chikhokhombe cha kapisozi chinapangidwa kuchokera ku nkhumba kapena ng'ombe? Wodwala shuga amwe nthawi yanji m'mwezi wa Ramadan? Lamulo la chipembedzo tinaphunzira ku madrasa, koma za m'botolo sitizidziwa. Tikufuna ana athu amene akudziwa zonse ziwiri. Atsikana makamaka, chifukwa pali zina zimene amayi sangafunse mwamuna pa windo la chipatala.

Ndalama ndi vuto, sitikukana. Ifenso timalima, tikudziwa mtengo wa thumba la feteleza. Koma boma lili ndi bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a ku yunivesite, ndipo Islamic Zakaat Fund imathandiza ana ena. Amene sanafike mapointi a digiri ayese dipuloma ya pharmacy ku Malawi College of Health Sciences konkuno ku Lilongwe.

Tsono mwana akamalowa Fomu 3, bambo siyani ukonde tsiku limodzi, mayi siyani khasu, pitani kwa ahedi. Funsani ngati pasukulupo pali mphunzitsi wa Chemistry ndi Physics, ndiponso ngati ana amagwirako zipangizo kapena amangoziona pa bolodi. Ngati palibe, kambiranani ndi achibale za kumusamutsa mpunga usanagulitsidwe wonse.