Musanatukwane netiweki, tsegulani kaye kabati

Anzanga aphunzitsi, ndi inu nonse amene mudadutsa m'manja mwanga, lero ndabwera ndi nkhani yoti ena siikukomerani. Ndikuti kawirikawiri intaneti ikamayenda ngati bilimankhwe m'nyumba mwanu, vuto silikhala ku kampani ya mafoni ayi. Limakhala pa kabokosi kaja timati rauta, ndi mmene inuyo mwakasungira.

Nyimbo ya mu sitafu rumu tonse tikuidziwa. "Netiweki yavutanso." "Anthuwa akutibera." Tikatha kuimba timagula bandulo ina, kapena kusintha simu, ena mpaka kukongola ndalama kukagula rauta yatsopano. Zonsezi pa malipiro athu omwewa amene amatha mwezi usanafike pakati. Chimene chimandiwawa n'chakuti ndife tomwe timaima kutsogolo kwa ana a Fomu 1 n'kumawauza kuti pofufuza chinthu umasintha chimodzi chokha, zina zonse n'kuzisiya momwemo, kenaka n'kulemba zimene wapeza. Tikangovula choko m'manja, nzeru imeneyi timaisiya kusukulu konko. Tikafika kunyumba tayamba kuombeza.

Intaneti kuti ifike pa foni yanu imayenda maulendo awiri. Ulendo woyamba ndi wochokera ku nsanja ya netiweki kufika pa rauta. Wachiwiri ndi wochokera pa rauta kufika pa foni kapena laputopu, ndipo umenewu ndiwo Wi-Fi. Kampani, kaya ndi Airtel kaya TNM, imayankha za ulendo woyamba. Wachiwiriwo uli m'manja mwanu. Timizere ta Wi-Fi timene mumaona pamwamba pa foni timangonena za ulendo wachiwiri basi. Ndiye munthu amene sanadziwe kuti vuto lili pa ulendo uti alibe ufulu woloza chala aliyense.

Kudziwa kwake n'kosavuta. Chotsani mafoni onse a m'nyumba pa Wi-Fi, patsale imodzi. Imani pafupi ndi rauta n'kutsegula fast.com kapena Speedtest. Lembani nambala yatulukayo. Ngati muli ndi laputopu ndi kebulo, lumikizani ku rauta mwachindunji, chifukwa kutero ndiye mwauchotseratu ulendo wachiwiri uja. Kenaka pitani kuchipinda kumene mumadandaulira kuja, muyesenso. Chitani zimenezi 6 koloko m'mawa ndi 8 koloko madzulo. Musayese kambirimbiri, pakuti kuyesako nakonso kumadya data. Ngati pafupi ndi rauta mukupeza 15 Mbps koma kuchipinda 2, kampani ilibe mlandu, vuto lili m'nyumba. Ngati m'mawa ikuthamanga koma madzulo ikukwawa ngakhale mutaima pa rauta pomwepo muli nokha, ndiye kuti nsanja yadzaza anthu, ndipo kugula rauta ina n'kutaya ndalama m'madzi.

Pano ndikumbutsenso masamu pang'ono, chifukwa mikangano ina imayambira pa kusawerenga bwino. Mbps si MB. Mabiti 8 ndiwo amapanga baiti imodzi. Choncho intaneti ya 8 Mbps imatsitsa 1 MB yokha pa sekondi, ndipo buku la 60 MB lidzatenga mphindi yathunthu. Palibe wakuberani pamenepo.

Tsopano tiyeni tilowe pabalaza. Kodi rauta yanu ili pati? Ambiri mudaiika mu kabati ya mbale, n'kutseka ndi kiyi poopa ana ndi akuba. Ena ili kuseri kwa TV, ena pansi pa tebulo, ndipo m'nyumba zina mayi adailukira kansalu kokongola n'kuifunditsa kuti isalowe fumbi. Wi-Fi ndi mafunde a wailesi, abale ake a omwe aja tinkajambula pa bolodi. Mafunde a 2.4 GHz ndi otalika pafupifupi masentimita 12, a 5 GHz pafupifupi 6. Ngakhale pabwalo popanda chotchinga, mukatalikira kawiri mphamvu yake imatsala gawo limodzi mwa magawo 4. Khoma la njerwa zootcha limadya ina. Konkiriti imadya yochuluka. Chitsulo, kaya ndi firiji, malata kapena kalilole wamkulu, chimawabweza mafundewo. Madzi amawameza, ndiye mgolo wa madzi uli m'khonde uja nawonso ndi mdani. Inu mwaitsekera rauta m'kabati, pakati pake ndi chipinda chanu pali makoma atatu, ndiye mukudabwa chiyani?

Kansalu kaja kalinso ndi mlandu wake. Rauta ndi kakompyuta kakang'ono, imatentha, ndipo tizibowo tili m'mbali mwake ndi topumira. Muifunditse mwezi wa October masana, muone ngati siyamba kudukiza kapena kuzima yokha.

Itulutseni. Iikeni pamwamba, poonekera, kutali ndi zitsulo. Ngati ndi rauta yolowa simu, kumbukirani kuti ikufunika kumva nsanja komanso kufikira zipinda. Yendani nayo windo ndi windo mukuyang'ana timagetsi take tosonyeza mphamvu ya netiweki, mpaka mupeze pamene tikuyaka tambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito imeneyi siidya ngakhale tambala.

Chachiwiri ndi phokoso la anansi. Amene mukukhala m'nyumba za mdadada ku Ndirande kapena ku Area 25, tsegulani Wi-Fi pa foni muwerenge maina amene akutuluka. Marauta onsewo akuyankhula m'mphepo imodzi, ngati makalasi awiri ophunzirira pansi pa mtengo umodzi. Pa 2.4 GHz njira zosapondana ndi zitatu zokha: tchanelo 1, 6 ndi 11. Sankhani imene ili ndi anthu ochepa. Bluetooth imayendanso pa 2.4 GHz pomwepo, chimodzimodzi mayikulowevu ya kukhitchini. Ngati rauta yanu ili ndi 5 GHz, igwiritseni ntchito mukakhala nayo chipinda chimodzi. Imathamanga ndipo ilibe phokoso lambiri, koma khoma imaliopa kuposa inzake ija.

Chachitatu ndicho chimene ndikudziwa kuti chindidanitsa ndi anthu. Kodi mukudziwa kuti ndi mafoni angati amene ali pa rauta yanu pakali pano? Mudapatsa pasiwedi mwana wanu mmodzi. Iye adapatsa mnzake, mnzakeyo adapatsa msuweni wake. Kuyambira pa Android 10 ya mu 2019 sipafunikanso ngakhale kuitchula pasiwediyo: foni imaonetsa kachithunzi ka QR, mnzake n'kujambula, basi walowa. Anyamata amene amakonda kukhala pa khonde lanu madzulo aja sakubwerera mthunzi. Tembenuzani rauta, pansi pake palembedwa adiresi, kawirikawiri 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1. Ilembeni mu Chrome, mulowe, muone mndandanda wa mafoni olumikizidwa. Sinthani mapasiwedi onse awiri, ya Wi-Fi ndi yolowera mu rauta momwemo, imene ambiri mudaisiya pa "admin". Chitetezo chikhale WPA2 kapena WPA3. Ngati rauta yanu imangodziwa WEP, imeneyo akatswiri adaithyola kale mu 2001, yakalamba.

Wina anena kuti aphunzitsi mwayamba kuphunzitsa umbombo. Ayi ndithu. Kugawana n'kwabwino, koma munthu agawe akudziwa. Masamu ake ndi awa: kanema wa YouTube wooneka bwino wa 1080p amafuna pafupifupi 5 Mbps. Ngati muli ndi 10 Mbps, anthu awiri oonera mpira aimaliza yonse. Mwana wanu wa Fomu 4 amene akufuna kutsitsa mapepala akale a mayeso a MSCE atsala ndi chiyani? Mwamumana mwana wanu kuti mudyetse mlendo amene simukumudziwa n'komwe.

Akuba ena ndi a m'nyumba momwemo ndipo alibe miyendo. Laputopu ya Windows ikaona Wi-Fi imayamba kutsitsa zokonzera zake osapempha. Iuzeni kuti Wi-Fi imeneyi ndi metered connection, idzadziletsa. Mafoni amakweza zithunzi ku Google Photos mwakachetechete, ndipo njira yokwezera ikadzaza, zonse zimachedwa. WhatsApp nayo imatsitsa kanema aliyense wa m'magulu aja a maliro, a mpingo ndi a anzanu a ku koleji. Zimitsani zimenezo.

Onaninso adaputala. Yoyamba ikapsa ndi kuzimazima kwa magetsi timangogula iliyonse yolowa pabowo. Werengani mavoti ndi ma ampeya olembedwa pansi pa rauta, zigwirizane. Adaputala yofooka imayatsa timagetsi bwinobwino, koma rauta ikangolemedwa ntchito imazima n'kuyakanso. Ndipo rauta ikasokonekera, izuleni ku magetsi kwa masekondi 30 n'kuilumikizanso. Kabowo kolembedwa Reset kaja musakatokose ndi singano, kamafufuta zonse zimene mudakonza.

Amalonda nawo asakupusitseni. Chimene amachitcha busita chimangobwereza zimene chalandira. Chikalandira zofooka chimabwereza zofooka, ndipo zotchipazi zimadula liwiro pafupifupi theka chifukwa zimamvera ndi kuyankhula pa wailesi imodzi. Mukachiika kuchipinda kumene Wi-Fi sifika n'komwe, mwangogula kagetsi kounikira usiku. Za timapulogalamu tolonjeza kuthamangitsa intaneti, ndisatayirepo nthawi. Ngakhale Starlink, imene idafika kuno ku Malawi mu 2023, imathera pa rauta. Muitsekerenso m'kabati, mudzalira chimodzimodzi, koma pa mtengo wokwera.

Musandimve molakwa, sindikuikira kumbuyo makampani. Nsanja zimadzazadi madzulo, ndipo mabandulo ena ali ndi malamulo ochepetsa liwiro mukafika pa mlingo wina, olembedwa m'timalemba tating'ono timene sitiwerenga. Zimenezi n'zoyenera kudandaula. Koma taganizani anthu awiri afika ku ofesi. Wina akuti "intaneti yanu ndi yachabechabe." Wina watulutsa kope: tsiku lakuti, nthawi yakuti, pa kebulo, ndili ndekha, ndapeza zakuti, kwa sabata yathunthu. Woyambayo amuuza kuti azimitse n'kuyatsanso, azipita. Wachiwiriyo sangamuthamangitse msanga, ndipo akapanda kuthandizidwa ali ndi chonyamula popita ku MACRA. Kulalata kopanda manambala kumathandiza kampani, chifukwa kumakwirira madandaulo enieni m'phokoso.

Ndiye homuweki yanu ndi iyi, nonse, kuphatikizapo inu a hedi. Sabata ino musagule kalikonse. Tulutsani rauta m'kabati, ichotseni kansalu, werengani mafoni amene alipo, sinthani mapasiwedi, yesani m'mawa ndi madzulo, n'kulemba m'kope. Mukatero ndiye mubwere tikambirane za amene akutibera. Wobwera wopanda kope, monga mwa nthawi zonse, akaime panja.