Tidikira mlendo kuti atiuze?

Kuno ku Rimuka, zidzukulu za amene anadzakumba golide ku Cam and Motor zimabisa Chichewa poopa kutchedwa "mabhurandaya". Manyazi amenewa ine ndikuwakana. Chilankhulo chomwechi Paul Ngozi wa ku Lusaka sanachibise. Mu 1977 iye ndi Ngozi Family anatulutsa chimbale cha rock, 45,000 Volts, akukuwa m'Chinyanja, gitala ikulira ngati bingu. Mu 2024 Tyler, the Creator wa ku America anatapamo "Nizakupanga Ngozi" n'kuiika m'nyimbo yake "Noid", achinyamata m'maiko ambiri n'kumaimvera. Ife tikunong'onabe kuseri kwa chitseko. Kodi ndiwo zathu zikoma pokhapokha mlendo atazilawa? Makolo, yankhulani Chichewa mokweza pamsika, ana amve.