Efata: Mwana Wachibwibwi Timupatse Nthawi

Pa Lamulungu la 23 la Chaka B timamva Mthenga Wabwino wa Marko 7:31-37, m'mene Ambuye Yesu anachiritsa munthu wogontha ndiponso womangika lilime. Mwambo wa Efata, pamene wansembe amakhudza makutu ndi pakamwa pa wobatizidwa, unachokera pamenepa. Koma ambiri timaiwala kuti asanamuchize, Ambuye anayamba amuchotsa m'chigulu n'kupita naye pambali, kutali ndi maso a anthu.

Ife aphunzitsi a katekisimu tiyambe ndi kuulula kulakwa kwathu. Chaka china, pa mayeso a ana okonzekera kulandira Ukaristia koyamba ku tchalitchi cha kumaesiteti, tinaimiritsa mnyamata wa zaka 11, mwana wa matenanti, kuti anene Malamulo Khumi pamaso pa anzake. Anali wachibwibwi. Anakakamira pa liwu loyamba, nsagwada zili njenjenje, anzake n'kumaseka chamseri. Tinamuuza kuti akhale pansi, adzayesenso chaka chamawa. Chaka chamawacho sanapezeke, pakuti fodya atagulitsidwa ku Chinkhoma banja lake linasamukira ku esiteti ina. Pambuyo pake mayi wina wa mu mphakati anatiuza kuti mwanayo ankaimba nyimbo zonse za Misa osaphonya liwu, ndipo malamulowo ankawanena bwinobwino akakhala yekha m'chigafa posoka fodya.

Zimene mayiyo anaona n'zodziwika kwa achipatala: achibwibwi ambiri amaimba popanda vuto, ndipo lilime limawalemera kwambiri akapanikizidwa pagulu. Chibwibwi chimayamba kawirikawiri mwana ali ndi zaka za pakati pa 2 ndi 5. Ana pafupifupi 5 mwa 100 alionse amadutsamo. Ambiri chimawathera chokha, koma munthu mmodzi mwa 100 amakula nacho. Sichikhudzana ndi nzeru za mwana ngakhale pang'ono.

Mavuto ena a kalankhulidwe ali ndi magwero amene timawaona tsiku ndi tsiku kuno ku Kasungu. Malungo a mu ubongo amatha kusiya mwana amene ankalankhula ali duu. Khutu lotuluka mafinya kwa miyezi limachepetsa kumva, ndipo mwana wosamva bwino amachedwa kutola mawu. Agogo amene anagwa ndi sitiroko chifukwa cha kuthamanga kwa magazi amatha kudziwa bwino lomwe chimene akufuna kunena, mawu n'kumakana kutuluka. Koma kodi m'midzi mwathu timati chiyani? Mlimi akatulutsa mabelo ambiri pakhomo pali mwana wosalankhula, manong'onong'o amayamba oti anamukhwimira. Mlandu wotere umaononga banja kawiri: makolo amanyozedwa, ndipo mwana amabisidwa m'nyumba pa zaka zimene thandizo likanamupindulira kwambiri.

Thandizolo lilipo. Pali akatswiri amene ntchito yawo ndi kuphunzitsa munthu kulankhula: amamuzoloweretsa wachibwibwi kuyamba liwu mofewa ndi mosathamanga, amathandiza wodwala sitiroko kukumbukira mayina a zinthu, ndipo kwa amene mawu sangatuluke amagwiritsa ntchito zithunzi ndi zizindikiro za manja. Vuto n'lakuti m'Malawi muno akatswiri otere ndi owerengeka, ndipo ambiri ali m'mizinda. Makutu amayezedwa ku Lilongwe, monga ku kiliniki ya makutu ya African Bible College, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa boma la Kasungu. Kwa tenanti amene amaona ndalama kamodzi pachaka, ulendo umenewu si wamasewera. N'chifukwa chake tikuona kuti thumba la mphakati, limene timasonkhera maliro mosanyinyirika, lingathenso kulipirira mayi ndi mwana wake basi ya ku Lilongwe. Poyambira ndi pa chipatala chathu cha boma, kuti akapereke kalata yotumizira. Mwana akakwanitsa zaka 2 asakulumikiza mawu awiri, kapena sacheuka akaitanidwa, tisadikire kuti "adzalankhula akakula".

Mpingo wathu si mlendo pa ntchitoyi. Sukulu za ana osamva za ku Mua ndi Maryview ndi zipatso za amishoni athu, ndipo koleji ya Montfort ku Nguludi imasula aphunzitsi a ana oterewa. Fransisko Woyera wa ku Sales, amene timamukumbukira pa 24 January, anaphunzitsa katekisimu mnyamata wosamva pogwiritsa ntchito zizindikiro mpaka analandira Ukaristia, ndipo lero ndiye nkhoswe ya anthu osamva.

Ena adzati tikayamba kufewetsa mayeso, ana adzalandira masakramenti osadziwa kanthu. Nkhawayi ndi yomveka, ndipo ifenso sitifuna chikhristu cha m'kamwa chokha. Komatu malamulo a Mpingo a 1983 sanena za kuloweza mokweza pamaso pa gulu. Kanoni 913 imafuna kuti mwana amvetse chinsinsi cha Khristu molingana ndi msinkhu wa nzeru zake. Kanoni 777 imalamula bambo mfumu kuonetsetsa kuti olumala nawonso aphunzitsidwe chikhulupiriro, ndipo kanoni 990 imalola munthu kulapa kudzera mwa womasulira. Mwana angathe kuyesedwa pambali, angathe kuimba yankho lake, kulemba, kapena kuloza chithunzi.

Kwa inu achinyamata a kwaya ndi otumikira ku guwa, pempho lathu ndi laling'ono. Mnzanu wachibwibwi akamalankhula, musamumalizire mawu, musamuuze kuti "fulumira", ndipo sewero lomutsanzira pa tsiku la achinyamata lithe. Kalembera wa ana a katekisimu akayamba, amene mukudziwa mwana wobisidwa kumaesiteti chifukwa salankhula, kauzeni wapampando wa mphakati wanu kuti tikamuyendere ndi kumulemba.